"Anakumanga ndani?" Zomwe ine ndi achemwali anga tinaphunzira pa PCOS ndi endometriosis

Mwezi wa Novembala chaka chatha ndinapita kwathu kwa Kapondo, m'boma la Mchinji, kukasiya feteleza wa amayi. Nditatsika pa kabaza ndinapeza achemwali anga ali pakhonde, akuswa mtedza wa mbewu. Ndinadabwa, chifukwa nyengo imeneyi munthu wapabanja sakhala kwa amake. Amakhala akumalizitsa mizere kumunda kwake.

"Achemwali, mwabwera liti? Alamu ali kuti?"

Sanayankhe msanga. Anapitiriza kuswa mtedza, kenako anati: "Ndabwera kudzapuma. Kumene kuja mawu achuluka."

Usiku amayi ndi amene anandiuza zonse. Ukwati wa achemwali unali utakwanitsa zaka 4 popanda mwana, ndipo popeza anatengedwa chitengwa, ankakhala pakati pa abale a mwamuna. Tsiku lina apongozi awo analankhula pamaso pa anthu kuti mbuzi yomwe inagulidwa chaka cha ukwatiwo yaswa kale katatu. Anthu anaseka. Achemwali analowa m'nyumba, n'kulongedza zitenje zawo. Kumbali inanso kunkamveka mphekesera yoti azibale akunyengerera alamu kuti atenge mkazi wachiwiri.

Sindiwatchula dzina achemwali angawa, koma anandilola kulemba nkhaniyi. Anati mwina ingathandize wina amene akulira yekha kuseri kwa nyumba.

Matumba a soya anathera m'njira

Sikuti banjali linangokhala manja lende. M'zaka zitatu anapita kwa asing'anga anayi, mmodzi mpaka kuwoloka malire kulowera cha ku Chipata. Aliyense anali ndi yankho lake. Wina anati achemwali anamangidwa ndi mkazi yemwe alamu anamusiya ali mnyamata. Wina anati kuli azakhali omwe sanasangalale ndi ukwatiwo. Anamwa mizu yowawa, anatemeredwa mphini, anagona m'mapemphero a usiku wonse. Soya wa zaka ziwiri anathera pa maulendo amenewa.

Pa anthu onsewa palibe amene anafunsa funso losavuta: kodi mumasamba bwanji?

Ine nditafunsa, yankho linandidzidzimutsa. Chiyambire kutha msinkhu, achemwali ankapita kumwezi katatu kapena kanayi pa chaka. Nthawi zina miyezi 5 inkadutsa osaona kanthu, iwo n'kumaganiza kuti aima, mpaka kuyamba kusirira tizovala ta ana pamsika, kenako magazi n'kubwera ambiri. Pachibwano pankamera titsitsi tolimba tomwe ankazula mobisa m'mawa uliwonse. Ziphuphu sizinathe ngakhale anali ndi zaka 29. Khosi linada kumbuyo ngati litsiro, moti ankalikhula ndi mwala osasintha. Thupi linkangonenepa, makamaka pamimba, pomwe chakudya chinali chomwechi tonse timadya.

Zizindikirozi ndinazidziwa chifukwa nanenso ndinali nditazungulira kale m'zipatala ndi vuto langa.

Cham'mimba changa

Ine msambo wanga sujomba, koma umabwera ndi ululu woti sindingaimirire. Ndili kusekondale ndinkaphonya masiku awiri kapena atatu mwezi uliwonse. Ndinkasanza, kuzizidwa, kugona pansi nditapinda mawondo. Agogo ankati: "Ndi cham'mimba chimenecho, mdzukulu wanga. Ukadzabereka chidzatha." Kuchipatala china ankangondipatsa panado n'kundiuza kuti mkazi aliyense amamva choncho. Ku yunivesite ndinatuluka m'chipinda cha mayeso chifukwa cha ululu, ndipo anzanga ena ankanong'onezana kuti mwina ndinachotsa mimba.

Ndili ndi zaka 25, nditayamba ntchito ku Lilongwe, ndi pamene dokotala wa matenda a amayi anandimvetsera mpaka kumapeto. Anandifunsa ngati ndimamva kuwawa pochita chimbudzi m'masiku a msambo. Ndinati eya, ndipo palibe anali atandifunsapo zimenezo. Atandijambula m'mimba anaona chotupa chokhala ndi magazi akale pa thumba limodzi la mazira. Anandiuza kuti zonse zikuloza ku matenda otchedwa endometriosis.

Choncho m'nyumba imodzi ya kwa Kapondo munabadwa ana aakazi awiri, wina msambo wake wosowasowa, wina wopweteka kwambiri. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti ndi mmene umakhalira ukazi.

Kodi PCOS n'chiyani?

Dzina lake lonse ndi polycystic ovary syndrome, ndipo m'Chichewa mulibe dzina lake lenileni. Mkazi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira, kumanja ndi kumanzere kwa chiberekero. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima n'kutuluka, ndipo likapanda kukumana ndi umuna, patatha pafupifupi masabata awiri msambo umabwera. Kwa mkazi wa PCOS mahomoni sayenda mwadongosolo. Mazira ambiri amayamba kukula koma amaima panjira, osakhwima, osatuluka. Pa sikani amaoneka ngati timikanda tondondozana m'mphepete mwa thumbalo. Dzira likapanda kutuluka, msambo umachedwa, komanso mimba singaime mwezi umenewo.

Mahomoni achimuna, omwe mkazi aliyense ali nawo pang'ono, amachulukirapo. Ndiwo amabweretsa ndevu, ziphuphu ndi kuthothoka kwa tsitsi la pamutu. Kwa ambiri thupi silimvera bwino insulin, yomwe imayendetsa shuga m'magazi, ndipo izi zimachititsa kunenepa ndi kuda kwa khosi kapena m'khwapa. Koma alipo ena a PCOS omwe ndi ochepa thupi ndithu.

Matendawa si achilendo. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, anawafotokoza mu 1935. Mu 2003 akatswiri omwe anakumana ku Rotterdam anagwirizana kuti mkazi amapezeka ndi PCOS akakhala ndi zinthu ziwiri mwa zitatu izi, matenda ena ofanana nawo atachotsedwapo: msambo wosowasowa, zizindikiro za kuchuluka kwa mahomoni achimuna, ndi timatumba ta mazira tooneka motero pa sikani. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati PCOS imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka, ndipo mwa amenewa, ofika 70 pa 100 aliwonse sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Chofunika kuchigwira ndi ichi: PCOS si uchumba. Mazira alipo, ambirinso. Vuto ndi loti satuluka pa nthawi yake, ndipo vuto limeneli lili ndi mankhwala. Akazi ambiri a PCOS amabereka, ena paokha, ena atathandizidwa.

Nanga endometriosis?

M'kati mwa chiberekero muli kachikopa kofewa komwe kamakhuthala mwezi uliwonse, kenako n'kutuluka ngati msambo. Kwa mkazi wa endometriosis, minofu yofanana ndi kachikopa kameneka imamera kunja kwa chiberekero: pa timatumba ta mazira, pa machubu odutsa mazira, kuseri kwa chiberekero, ngakhale pa matumbo ndi pa chikhodzodzo. Nayonso imamva mahomoni a mwezi ndi mwezi. Imatupa n'kumachucha magazi, koma magaziwo alibe potulukira. M'kupita kwa zaka pamabwera zipsera, ndipo ziwalo zimamatirirana.

Ndiye chifukwa chake ululu wake suli ngati cham'mimba wamba. Umalepheretsa munthu kupita kusukulu kapena kumunda. Ena amamva kuwawa kwambiri pogonana ndi amuna awo, ena pokodza kapena pochita chimbudzi m'masiku a msambo, ena amatopa osadziwa chifukwa. Zipsera zija zikatseka kapena kupinda machubu, dzira ndi umuna zimavutika kukumana. WHO imati matendawa amagwira pafupifupi 10 pa 100 aliwonse a atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka, omwe ndi anthu okwana 190 miliyoni pa dziko lonse.

Kuwapeza n'kovuta. Sikani imatha kuona zotupa zikuluzikulu ngati changa, koma timabala ting'onoting'ono sitioneka, choncho kuuzidwa kuti sikani ili bwinobwino sikutanthauza kuti mulibe. Njira yotsimikizira ndi opaleshoni yaing'ono yotchedwa laparoscopy, pomwe dokotala amalowetsa kakamera kudzera pamchombo. Komabe dokotala atha kuyamba kukuthandizani potengera zizindikiro, osadikira opaleshoniyo.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma othandiza alipo: opha ululu monga ibuprofen, mapiritsi kapena njira zina za kulera zomwe zimagonetsa minofu ija, komanso opaleshoni yochotsa zotupa ndi zipsera. Ndipo agogo anga, pepani, apa munalakwitsa: kubereka sikuchiza endometriosis. Ululu umatha kuchepa munthu ali woyembekezera kapena akuyamwitsa, koma kwa ambiri umabwereranso msambo ukayambiranso. Mtsikana asakakamizidwe kutenga mimba ngati mankhwala.

Mlandu si wa mkazi yekha

Kwathu kuno banja likakhala lopanda mwana, chala chimaloza mkazi. Mayina ake tonse timawadziwa: chumba, wouma. Mwamuna amangonenedwa monong'ona kuti anagwa m'papaya, kenako nkhani n'kuthera pomwepo. Malinga ndi kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016, mayi wa ku Malawi ankabereka ana 4.4 tikatengera pakatikati. Pakati pa anthu obereka chonchi, wopanda mwana amaonekera patali, ndipo pamaliro, pachinkhoswe ngakhale pamjigo amamva kuti sali m'gulu la ntchembere.

Koma vutoli ndi la anthu ambiri kuposa mmene timaganizira. Mu Epulo 2023 WHO inatulutsa lipoti loti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse pa dziko lapansi amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pa moyo wake, m'maiko olemera ndi osauka momwe. Ndipo pa mabanja ambiri ovutika chonchi, gwero limakhala kwa mwamuna, kapena kwa onse awiri. Mwamuna atha kukhala wamphamvu kuchipinda koma mbewu zake zili zochepa kapena zofooka. Izi sizioneka ndi maso, zimafuna kuyeza umuna ku labotale.

Ngakhale kwa mkazi, PCOS ndi endometriosis si zokhazo. Kuno ku Africa machubu ambiri amatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana omwe sanachizidwe bwino, monga chinzonono, kapena matenda olowa m'chiberekero munthu akapita padera, akachotsa mimba mosayenera kapena akabereka pamalo osasamalika. Likodzo, lomwe timalitenga posamba ndi kuchapa m'madambo ndi m'mitsinje, nalonso limatha kuwononga ziwalo zoberekera. N'chifukwa chake munthu asadzipeze yekha matenda powerenga nkhani ngati ino. Apite akayezedwe.

Palinso bodza lomwe linawazunza achemwali. Anthu ankati anabayitsa jekeseni wolera ali mtsikana, n'chifukwa chake anauma. Iwo sanabayitsepo. Koma ngakhale akanabayitsa, jekeseniyo saumitsa munthu. Amangochedwetsa kubwerera kwa mphamvu yobereka kwa miyezi ingapo, nthawi zina kufika chaka, munthu akasiya.

Tsiku la ankhoswe

Chovuta kwambiri sichinali kufotokozera achemwali. Chinali kukopa alamu. Ine ndine mng'ono, wosakwatiwa, ndipo nkhani za kuchipinda kwa akuluakulu sindiyenera kuzilowerera. Ndinapita kwa amalume, omwe ndi ankhoswe a mbali yathu, n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera atazolika, kenako anati: "Mphwanga, sukulu tinakutumizira zomwezi. Koma pabwalo ukakhale chete, ndikalankhula ndine."

Ankhoswe a mbali zonse atakumana, amalume sananyoze aliyense. Anangoti: "Kwa asing'anga tapita kanayi, ndipo palibe anatiletsa. Tiyeni tsopano tiyese kuchipatala kamodzi, koma apite onse awiri. Zikakanika kumeneko, tidzakhalenso pansi."

Alamu anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati: "Ndamva. Ine mkazi wangayu sindinamuthamangitse. Ndipita."

Pambuyo pake anandiuza tili awiri kuti chomwe ankaopa si ulendo ayi. Ankaopa kuti akapezeka kuti vuto ndi iwo, mudzi wonse udziwa. Ndinawauza kuti zotsatira zimaperekedwa kwa mwini wake, osati kwa amfumu. Anaseka koyamba tsiku limenelo.

Zomwe anakapeza

Njira ya boma imayambira pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu. Kumeneko amakulemberani m'buku la kuchipatala kuti mupite ku chipatala chachikulu cha boma ku Mchinji, ndipo ngati pakufunika akatswiri, amakutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa boma. Achemwali ndi alamu anatsata njira imeneyi, ndipo ku Lilongwe ankagona kwa ine.

Zinatenga maulendo atatu. Achemwali anajambulidwa, anayezedwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anapezeka ndi PCOS. Shuga wawo anali atayamba kukwera, ngakhale sanafike pa matenda enieni a shuga. Umuna wa alamu unapezeka kuti uli bwino. Ndinaopa kuti mwina ayamba kudzitama, koma potuluka anangonyamula chikwama cha akazi awo n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndi matenda basi, ngati BP ya amayi."

Dokotala anayamba ndi zinthu zosafuna ndalama. Kwa mkazi wa PCOS yemwe ndi wonenepa, kuchepetsa thupi ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse kumatha kubwezeretsa msambo m'malo mwake. Achemwali anachepetsa shuga mu tiyi, anasiya zakumwa za m'mabotolo ndi mandasi a tsiku ndi tsiku, anabwerera ku nsima ya mgaiwa, mitanda yochepa, ndiwo zamasamba ndi nyemba zambiri. Anapatsidwa metformin, mankhwala omwe amathandiza thupi kumvera insulin, komanso folic acid, yemwe mayi aliyense wofuna kutenga mimba amayenera kuyamba kumwa asanaime. Anauzidwanso kuti ngati dzira silitulukabe, alipo mapiritsi olithandiza kukhwima, letrozole kapena clomiphene.

Pa mapiritsi amenewa ndichenjeze. Musagule nokha pa WhatsApp kapena pa Facebook chifukwa choti mnzanu anamwa n'kuima. Amafuna dokotala woti aziona mmene thupi likuyankhira, chifukwa amatha kukhwimitsa mazira ambiri nthawi imodzi kapena kutupitsa timatumba ta mazira. Komanso ngati machubu ali otseka kapena vuto lili kwa bambo, mungomwa pachabe.

Ngati nkhaniyi ikufanana ndi yanu

Yambani kulemba. Tengani kope kapena kalendala ya pakhoma, muzilemba tsiku lomwe mwayamba kusamba, lomwe mwamaliza, ndi mmene ululu unalili. Miyezi itatu kapena inayi ya zolemba zotere imamuthandiza dokotala kuposa kungonena kuti "zimasokonekera".

Ngati mwakhala chaka chathunthu mukugonana pafupipafupi osagwiritsa ntchito njira yolera koma mimba osaima, pitani kuchipatala nonse awiri. Ngati mayi wapitirira zaka 35, musadikire chaka, miyezi 6 yakwana. Ngati msambo umasowa miyezi itatu kapena kuposerapo, pitani ngakhale simukufuna mwana panopa, chifukwa kachikopa ka m'chiberekero kakakhala nthawi yaitali osatuluka kamakhuthala mopitirira, ndipo pakapita zaka kangabweretse khansa. Wa PCOS aziyezetsanso shuga ndi BP kawirikawiri.

Ngati mwana wanu wamkazi amajomba kusukulu mwezi uliwonse chifukwa cha cham'mimba, musamuuze kuti apirire. Mupite naye, ndipo mukanene momveka kuti ululuwo ukumulepheretsa kuphunzira. Mukabwezedwa ndi panado yekha koma osasintha, bwereraninso mukapemphe kalata yopitira ku chipatala chachikulu. Safunsa anadya phula.

Ndipo inu apongozi, azakhali, anansi a pamjigo: funso loti "nanga mwana liti?" limaoneka laling'ono kwa wofunsa. Wofunsidwayo mwina walimva kakhumi sabata yomweyo, ndipo mwina m'mawa womwewo waona magazi omwe amapemphera kuti asabwere.

Pomwe tafika

Ndikanakonda kumaliza ndi chithunzi cha khanda, koma sitinafike pamenepo. Achemwali anabwerera kunyumba kwawo Khirisimasi isanafike. Atsika ndi makilogalamu 6, ndipo kwa miyezi inayi yotsatizana asamba mwezi uliwonse, zomwe sizinachitikepo chiyambire. Mwezi wamawa akubwereranso ku Lilongwe kuti dokotala akaone ngati nthawi ya mapiritsi ena aja yakwana. Nkhani ya mitala yazirala, ngakhale sindinganene kuti yatheratu. Apongozi aja sanapepese, koma akuti tsiku lina anabweretsa dengu la bonongwe n'kunena kuti amva kuti adokotala akufuna masamba.

Ine ndikumwa mapiritsi olera mosadumphitsa monga anandiuzira dokotala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndatha chaka osajomba kuntchito chifukwa cha msambo. Mantha alipo. Sindidziwa ngati ndidzabereka mosavuta, ndipo pali mnyamata yemwe akulankhula zotumiza ankhoswe kwathu. Ndinaganiza zomubisira, koma nditaona zomwe chinsinsi ndi mphekesera zinachita pa banja la achemwali, ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse, dzina la matendawo ndi tanthauzo lake. Anafunsa mafunso ambiri, ena ondikwiyitsa, kenako anapempha kuti tsiku lokaonana ndi dokotala adzapite nane.

Sabata yatha achemwali anandiimbira foni madzulo. Ndinamva kuti ali panja, nkhuku zikulowa m'khola.

"Iwe, kope lija latha. Ukamabwera undigulireko lina, lachikuto cholimba."

"Chabwino achemwali. Pali chinanso?"

"Ugule awiri. Pali mtsikana wina kuseri kuno, amangogona pansi mwezi uliwonse ngati mmene unkachitira iwe. Ndauza amake kuti ayambe kulemba."